Lamulo la a Azcárate linandichotsa m'dzenje la katapila

Akonzi,

Ndikuthokoza chifukwa cha danga limene mumatipatsa ife owerenga, ngakhale ife amene tili kutali, amene nyuzipepala yanu timaiwerengera pa foni. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu a bambo ena amene analemba patsamba lomweli masabata apitawa, akuti munthu amene wasaina pepala la ngongole ndi dzanja lake asamalire, pakuti palibe amene anamugwira mkono. Bambowo ndikuwalemekeza. Inenso ndinkaganiza choncho kwa zaka zisanu zathunthu, ndikudziimba mlandu mwezi ndi mwezi. Koma ndikufuna ndiwauze za munthu wina wa kuno ku Spain, amene anamwalira mu 1917, amene anaiganizira mozama nkhani ya kusainayi, nalemba lamulo limene linadzandimasula ine patapita zaka zoposa 100. Dzina lawo ndi Gumersindo de Azcárate.

Ndimakhala mumzinda wa León, kumpoto chakumadzulo kwa dzikoli, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Mu 2016 agogo amene ndinkawasamalira anatisiya, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndinatha miyezi itatu ndisanapeze ina. Kuzizira kwa ku León si kwamasewera, ndipo lendi ndi ndalama yotenthetsera nyumba sizidikira munthu. Tsiku lina pakhomo la sitolo ina yaikulu anandiimitsa mtsikana waulemu wake, nandiuza za khadi la ngongole limene ndingamabweze pang'onopang'ono, mayuro 60 okha pamwezi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasaina chiimirire, ndi chala, pagalasi la tabuleti, osaona n'komwe tsamba limene panali chiwongoladzanja. M'miyezi yovutayo ndinatapa mayuro 2,400.

Nditapeza ntchito ndinayamba kubweza mokhulupirika, osaphonya mwezi ndi umodzi womwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chiwongoladzanja chinali pafupifupi 27 peresenti pachaka. Pa mayuro 60 a mwezi woyamba, 48 anapita ku chiwongoladzanja, 12 okha ndiwo anakhudza ngongole yeniyeniyo. Makhadi oterewa amapangidwira zimenezo: ndalama ya pamwezi amaichepetsa dala kuti uzimva ngati wapepukidwa, pamene ngongole ikungozungulira pamalo amodzi ngati mbuzi yapachingwe. Zitatha zaka zisanu ndinali nditapereka mayuro 3,600, koma pepala linkanenabe kuti ndatsala ndi oposa 1,000. Usiku wina ndinawerengetsa ndi pensulo katatu konse, poganiza kuti masamu andisokonekera.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandikankha kuti ndikapemphe loya wa ulere, amene boma limapereka kwa anthu opeza zochepa. Mayi amene anandipatsa anayang'ana mapepala anga mphindi zochepa chabe, nati: «Apa tigwiritsa ntchito lamulo la Azcárate.» Ndinayesa akunena lamulo latsopano. Atandiuza kuti ndi la mu 1908 mtima unagwa, ndikuti mumtima mwanga, zinthu za nthawi ya ngolo zingathandize bwanji pa khadi lapulasitiki? Koma mu 2022 woweruza anagamula kuti pangano lonselo linali lopanda mphamvu kuchokera tsiku limene ndinasaina. Ngongole yotsalayo inafafanizidwa, ndipo kampaniyo inandibwezera mayuro oposa 1,200 amene ndinapereka mopitirira.

Lamulolo ndi la pa 23 Julaye 1908, ndipo ndi lalifupi, masamba owerengeka. Ndime yake yoyamba imati pangano la ngongole ndi lachabe ngati chiwongoladzanja chake chaposa moonekeratu chimene anthu amalipira mwachizolowezi, ndipo sichikugwirizana ndi mmene zinthu zinalili. Ndi lachabenso ngati mfundo zake zikufinya mbali imodzi yokha, pali chifukwa chokhulupirira kuti wobwerekayo anavomera chifukwa chopanikizika, chifukwa chosadziwa zinthu, kapena chifukwa chakuti nzeru zake n'zoperewera. Ndime yomweyo imathetsanso chinyengo chakale cha akatapila, cholemba papepala kuti munthu walandira ndalama zambiri kuposa zimene zinafikadi m'manja mwake. Ndime yachitatu ndiyo ili ndi mano: pangano likathetsedwa, wobwereka abweze ndalama imene analandira yokha basi, ndipo ngati anapereka kale zoposa pamenepo, wobwereketsayo ndiye abweze zapamwambazo. Palinso ndime ina imene imati lamuloli likhudza malonda alionse amene m'kati mwake ndi ngongole, kaya awatcha dzina lanji. Ndime imeneyo ndiyo inatsegulira khomo khadi langa, chinthu chimene mu 1908 palibe amene akanachilota.

Chimene chinandigwira mtima nditaliwerenga ndekha, mtanthauziramawu ali pambali, ndi mawu aja akuti kupanikizika. Wolemba lamuloli anadziwa kuti pali kusiyana pakati pa dzanja limene likusaina mwini wake atakhuta ndi dzanja limene likusaina mwini nyumba ataima pakhomo. Onse awiri alemba dzina, inde. Koma mmodzi yekha ndiye akanatha kunena kuti ayi n'kutuluka.

Kuti mumvetse kulimba mtima kwa ganizo limeneli muyenera kudziwa nyengo yake. Mu 1856 dziko la Spain linachotsa malire onse a chiwongoladzanja, potsatira chiphunzitso chimene chinali m'fasho, chakuti anthu awiri akulu akagwirizana boma lisalowererepo. Zotsatira zake anazimva mlimi wobwereka asanakolole, wantchito wa m'fakitale, ndi kalaliki wamng'ono wopinyolitsa malipiro ake a mwezi wamawa. A Azcárate sanali mdani wa ufulu wa malonda. Sanafune kubwezeretsa nambala imodzi yoikidwa ndi boma, pakuti ankadziwa kuti mtengo wa ndalama umasintha ndi nthawi. Anasankha kupatsa woweruza muyeso, kuti aziyang'ana mlandu uliwonse pawokha, afunse kuti ena akulipira zingati ndipo munthuyu anali pati pamene ankavomera. N'chifukwa chake lamuloli silinakalambe. Lapyola mafumu, ulamuliro wa msilikali Primo de Rivera, ripabuliki yachiwiri, nkhondo yapachiweniweni ya 1936 mpaka 1939, zaka zonse za wolamulira wankhanza Franco, ngakhale kusintha kwa ndalama kuchoka ku peseta kupita ku yuro, lidakali moyo. Pa 25 Novembala 2015 Khoti Lalikulu la dzikoli linaligwiritsa ntchito pa ngongole yozungulira ya 24.6 peresenti, ndipo linanena kuti chiwongoladzanja chikakwera mopyola muyeso, wobwereka sakufunikanso kutsimikizira kuti anali pamavuto. Pa 4 Malichi 2020 linagamulanso chimodzimodzi pa khadi la pafupifupi 27 peresenti. Chigamulo chimenecho ndicho chinatsegula njira imene ine ndinadzeramo.

Mlandu utatha ndinafuna kudziwa kuti munthu ameneyu anali ndani. Manyazi anandigwira nditazindikira kuti ndinali nditadutsa kambirimbiri pafupi ndi laibulale yotchedwa dzina lawo, moyang'anizana ndi tchalitchi chachikulu cha mumzinda uno, osafunsa n'komwe. Anabadwira muno mu León pa 13 Januwale 1840. Bambo awo, a Patricio de Azcárate, ndiwo anamasulira mabuku a Plato ndi Aristotle m'Chisipanishi, choncho mwanayo anakulira m'nyumba ya mabuku. Anaphunzira zamalamulo, ndipo mu 1873 anakhala pulofesa pa yunivesite ya ku Madrid, wophunzitsa kuyerekeza malamulo a mayiko osiyanasiyana.

Mpando umenewo anaukhala zaka ziwiri zokha usanawalandidwe. Ufumu utabwezeretsedwa, mu Febuluwale 1875 nduna Manuel de Orovio inalamula kuti m'mayunivesite musaphunzitsidwe chilichonse chotsutsana ndi chiphunzitso cha mpingo wa Katolika kapena ndi ufumu. Aphunzitsi angapo anakana. A Azcárate, pamodzi ndi anzawo Francisco Giner de los Ríos ndi Nicolás Salmerón, analemba zotsutsa lamulolo poyera. Boma linawachotsa ntchito n'kuwamwaza: Giner ku Cádiz, Salmerón ku Lugo, a Azcárate ku Cáceres. Akanatha kukhala chete n'kumadya malipiro awo, monga anachitira ambiri. Atabwerako sanakhale pansi n'kumadandaula. Mu 1876 anakhazikitsa ndi anzawowo sukulu yoima payokha, Institución Libre de Enseñanza, yosalamulidwa ndi boma, mpingo kapena chipani. Sukulu imeneyo inadzasintha kaphunzitsidwe m'dziko lonse, ndipo inakhalapo mpaka nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Mu 1881 boma lina linawabwezera ntchito zawo za ku yunivesite.

Gulu lonseli linkamwa pa chitsime chimodzi, maganizo a Mjeremani wina dzina lake Karl Christian Friedrich Krause, amene kwawo sanatchuke kwenikweni koma ku Spain anabala zipatso kudzera mwa mphunzitsi Julián Sanz del Río. Ine si wophunzira wa nzeru zakuya, koma mmene ndinamvera ndi motere. Mtundu wa anthu uli ngati thupi limodzi lokhala ndi ziwalo zambiri: banja, mudzi, sukulu, mpingo, mabungwe a antchito. Chiwalo chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo boma lisamameze zinzake. Ntchito ya boma ndi kuonetsetsa kuti pali chilungamo chimene chimalola aliyense kukwaniritsa cholinga cha moyo wake. Kuchokera pamenepo a Azcárate ankati vuto la umphawi wa antchito silingathe ndi boma lokha, kapena ndi chifundo cha olemera chokha. Munthu payekha ali ndi gawo lake, mabungwe ali ndi lawo, boma nalo lake, ndipo gawo la boma ndi lamulo. Mukaliyang'ana lamulo la katapila lija muona maganizo omwewa: boma silikuikira anthu mtengo, koma likukana kubwereketsa makhoti ake kwa munthu wodyera mnzake masuku pamutu.

Pali buku lawo limodzi limene ndinalimbana nalo miyezi iwiri, Minuta de un testamento, la mu 1876. Analilemba ngati wilo ya bambo wina wokalamba amene akufotokozera ana ake moyo wake, makamaka mmene anasiyira kukhulupirira ziphunzitso zina za mpingo koma osasiya Yesu, ndi ululu wa kubisira mkazi wake wopemphera zimenezi. Ine ndine wa mpingo, ndipo sindigwirizana nawo pa zonse. Koma sindinaonemo chipongwe ngakhale pang'ono. Ndinaonamo munthu amene bodza limamupweteka ngati minga, ngakhale bodza limene likanamusungira mtendere wa m'nyumba. Amene ankawanena kuti ndi mdani wa chipembedzo sanawawerenge bwino.

Kuyambira 1886 mpaka 1916 anali phungu wa León m'Nyumba ya Malamulo. Apa ndipo ndikufuna owerenga aime pang'ono. Zaka zonsezo anali wa mbali yotsutsa, wokhulupirira kuti dziko liyenera kukhala ripabuliki, m'dziko lolamulidwa ndi mfumu. Sanakhalepo nduna. Nthawi imeneyo zipani ziwiri zazikulu, cha Cánovas ndi cha Sagasta, zinkangosinthana boma mopangana, ndipo zotsatira za chisankho zinkakonzedwa mu ofesi ya nduna anthu asanavote, mabwana a m'madera n'kumakankha anthu awo kuti avotere amene wasankhidwa kale. A Azcárate analemba ndi kuyankhula motsutsa chinyengo chimenechi moyo wawo wonse. Koma sananyanyale Nyumbayo. Analowamo, nagwira ntchito ndi anthu amene ankatsutsana nawo. Lamulo la katapila linadutsa pansi pa boma la Antonio Maura, mtsogoleri wa chipani chosunga zakale, munthu wa mfumu ndi mtima wonse. Kuti adani ako a ndale avomere lamulo lako mpaka anthu azilitchula dzina lako, ndiye kuti amakudziwa kuti sukufunapo kanthu ka m'thumba mwako.

Chikhulupiriro chomwecho ndicho chinawapatsa udindo wotsogolera bungwe la Instituto de Reformas Sociales, limene boma linakhazikitsa mu 1903 kuti lizifufuza moyo wa antchito ndi kukonza malamulo a ntchito. Patebulo limodzi pankakhala oimira olemba ntchito, oimira antchito, ena a iwo a sosholizimu monga Francisco Largo Caballero, ndi akatswiri osankhidwa ndi boma. Munthu amene mbali zonse zikanamulola kukhala pakati anali a Azcárate. M'zaka zimenezo munatuluka lamulo lopuma Lamulungu la 1904, kunakhazikitsidwa oyendera malo antchito, ndipo mu 1912 kunabwera lamulo limene ine limandikhudza kwambiri, lolamula kuti mkazi aliyense wogwira ntchito m'sitolo akhale ndi mpando woti akhalepo. Wina angaseke kuti lamulo lonse la mpando. Ine amene ndimaima maola khumi ndikutembenuza odwala pabedi ndikudziwa kuti amene analiganizira anayang'anadi miyendo ya munthu wantchito.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Pali zinthu ziwiri zimene ndimawadandaula nazo. Choyamba n'chakuti anakhulupirira mfumu mopitirira. Mu 1912 anakhazikitsa chipani cha Partido Reformista pamodzi ndi Melquíades Álvarez, chimene chinkati ufumu ndi ripabuliki zonse zingatheke bola dziko likhale la demokalase yeniyeni. Mu Januwale 1913 anapita kunyumba yachifumu kukacheza ndi mfumu Alfonso XIII, chinthu chimene chinadabwitsa anzawo ambiri, natulukako ali ndi chiyembekezo chakuti mfumuyo sidzatsekereza kusintha. Patapita zaka khumi, mu 1923, mfumu yomweyo inavomereza msilikali Miguel Primo de Rivera kulanda boma n'kutseka Nyumba ya Malamulo. A Azcárate anali atamwalira kale, sanazione, koma anzawo amene anawachenjeza ndiwo analondola. Kufatsa kwawo, kumene kunawathandiza patebulo la antchito, kunawaphimba m'maso pamenepa.

Chachiwiri chili m'lamulo lenilenilo. Kusiya muyeso m'manja mwa woweruza kunalipatsa moyo wautali, koma kumatanthauzanso kuti wosauka ayenera kufika kukhoti kuti alipindulire. Lamuloli silidziyendetsa lokha. Ine ndinatha zaka zisanu ndikulipira ngongole imene, malinga ndi lamulo, inali yakufa kuyambira tsiku loyamba, chifukwa palibe anandiuza. Komanso oweruza a mizinda yosiyana ankagamula mosiyana pa makhadi ofanana, mpaka mu Febuluwale 2023 Khoti Lalikulu linachita kuika chingwe, kuti pa makhadi oterewa ndi katapila ngati chiwongoladzanja chaposa cha pamsika ndi mapointi a peresenti opitirira asanu ndi limodzi. Nambala imene a Azcárate anaikana inadzalowera pakhomo la kuseri. Ndipo chingwe chimenecho chimandivuta, chifukwa ngati obwereketsa onse akweza limodzi, muyeso nawo umakwera, wosauka n'kumafinyidwabe mwalamulo. Sindikudziwa kuti mwini lamulo akanati chiyani, koma ndikukhulupirira kuti akanabwerera ku funso lawo loyamba lija, lakuti munthuyu anali pati pamene ankasaina.

Anagwira ntchito mpaka mapeto. Mu 1916 anagonja pa chisankho kwawo komwe kuno ku León, atatumikira zaka 30. Mu Disembala 1917 anadwala mwadzidzidzi ali pa msonkhano wa bungwe la antchito lija, namwalira pa 15 mwezi womwewo ku Madrid, ali ndi zaka 77. Anaikidwa m'manda a boma a mumzindawo, kumene kunagonanso mnzawo Giner. Mabuku awo ndiwo anayambitsa laibulale ija ya pafupi ndi tchalitchi.

Kwa bambo amene analemba kalata ija ndikuti: ngongole ndi yobweza, pamenepo sitikutsutsana. Ngakhale lamulo la a Azcárate silinandikhululukire ngakhale yuro imodzi pa mayuro 2,400 amene ndinatapa, ndipo sindikanafuna kuti litero. Ndinabweza yonse. Chimene lamulolo linakana ndi chakuti tsiku limodzi loipa la moyo wanga, tsiku limene ndinalibe ntchito ndipo m'nyumba munali mozizira, likhale munda wa munthu wina wokolola chaka ndi chaka. Mukati palibe amene anandigwira mkono mukunena zoona, koma mwaiwala kufunsa chimene chinali kumbuyo kwanga.

Pano ndikuthandiza mnzanga wina wa kuntchito, mayi wa ana atatu wochokera ku Ecuador, kusonkhanitsa mapepala ake. Khadi lake analitenga mu 2015, ndipo masitetimenti a zaka ziwiri zoyambirira anasowa posamuka nyumba. Talembera kampaniyo kawiri kuti itipatse makope, sinayankhebe. Loya wati Lachinayi likubwerali tipite ndi zimene tili nazo, zotsalazo akazipempha kudzera kukhoti.

Ine wowerenga wanu,
NaPhiri
León, Spain